Zikomo nonse amene munamugwira dzanja Louis wanga

Abale anga, anzanga a pa Facebook pano, a mphakati wathu, amayi anzanga a kumsika, mafoni ndi mauthenga akhala akubwera kuyambira tsiku lomwe mayina anatuluka moti ena sindinakuyankheni mpaka lero, musaone ngati ndayamba matama ayi, kafoni kangaka kakumazima kokha kakatentha. Nde ndati ndingolemba kamodzi pompano aliyense awerenge. Zomwe mwamvazo ndi zoona, Louis wasankhidwa kupita ku yunivesite, akukaphunzira zauphunzitsi. Mapointi ake a MSCE wandiletsa kutchula, akuti amayi musandiyalutse pa intaneti, nde ine ndingoti anakhoza, anakhoza zenizeni.

Amene mwatidziwa posachedwapa mwina simudziwa kuti mwanayu anabadwa akuona bwinobwino. Chikuku cha 2010 chija, chomwe chinagoneka ana ambirimbiri m'dziko muno, ndi chomwe chinamutengera maso ali ndi zaka zisanu. Thupi linachira koma maso anangoyera kuti mbuu, adokotala anayesetsa kenako anatiuza mosabisa kuti zilonda zawononga kutsogolo kwa diso ndipo sadzaonanso. Zomwe zinayankhulidwa m'mudzi nthawi imeneyo sindingazibwereze zonse, ena mpaka ankati ndamukhwimira mwana kuti tomato wanga aziyenda malonda, tomato wake uti abale, wa pa benchi limodzi lomweli? Ndinakhululuka kalekale, ena mwa iwo ali pompano ndipo alemba kale mafuno abwino, ndawaona kkkk.

Woyamba kumuthokoza ndi munthu amene sawerenga izi, malemu apongozi anga, agogo ake a Louis, amene anali katekisiti kwathu ku Chiradzulu. Dzinali anapereka ndi iwowo. Ine ndinkafuna Madalitso kapena Chisomo, koma iwo anangomunyamula mwana n'kunena kuti uyu ndi Louis, nkhani yathera pomwepo, nanga mpongozi ungatsutse chani. Chifukwa chake n'chakuti ali mnyamata analandira Ulimbitso m'manja mwa Ambuye Louis Auneau, episkopi wa ku France wa chipani cha Montfort amene ankakhala ku Nguludi, amene anatsogolera mpingo wa Katolika kummwera kuno kuyambira 1910 kwa zaka pafupifupi 40. Apongozi akayamba kukamba za Ambuye Auneau nsima inkazizira m'mbale. Ndipo ankawonjezera kuti ngakhale mwini chipanicho naye ndi Louis, Louis-Marie Grignion de Montfort, wansembe wosauka wa ku Brittany amene anabadwa 1673 n'kumwalira 1716, amene ankafunitsitsa kukalalika kumayiko akutali koma Papa anamubweza kuti akagwire ntchito kwawo konko ku France. Iye sanafike kuno, anafika ndi ansembe a chipani chake, ku Nzama ku Ntcheu mu 1901. Nde kwa apongozi dzinali linali la kutchalitchi basi, samadziwa za Louis wina aliyense ndipo analibe nazo ntchito.

Maso atapita, ine ndi bambo ake tinafooka, tinkangoti mwanayu azikhala pakhomo tizimuyang'anira asagwere pamoto. Apongozi anakana. Nkhalamba ija inamukweza mdzukulu pa kaliyala wa njinga n'kupita naye kusukulu ina yomwe sinditchula dzina, komwe anawabweza pakhomo pa ofesi kuti kuno tilibe malo a ana otere. Anabwera atakwiya osadya tsiku limenelo. Koma sanasiye, anafunsafunsa kuparishi mpaka anamva za sukulu ina yomwe inali ndi chipinda cha ana osaona komanso mphunzitsi wake amene anaphunzira ntchitoyi ku koleji ya Montfort ku Nguludi komweko, komwe amasula aphunzitsi a ana aulumali.

Madamu, ndikudziwa muwerenga izi ngakhale simukonda kutchulidwa, nde dzina lanu ndalisunga. Mukukumbuka tsiku loyamba lija? Munagwada pansi kuti mufanane naye msinkhu n'kumufunsa dzina, iye n'kuyankha chapansipansi kuti Luwisi, inu n'kuseka mokweza mpaka ine ndinakhumudwa ndimaganiza kuti mukumuseka mwana. Kenako munamugwira chala n'kuchiyendetsa pa pepala lolimba la timadontho totupa, munati ukudziwa amene anapanga zimenezi? Ndi mnzako wa dzina, nayenso Louis, nayenso anasiya kuona ali ndi zaka zisanu ngati iwe. Mwana amene anatha miyezi osaseka anafunsa kuti ali kuti ameneyo, ndikufuna ndimuone. Ine ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa kalasi.

Nkhani ya Louis Braille pano ndimaidziwa pamtima chifukwa m'nyumba mwathu yakambidwa kambirimbiri. Anabadwa pa 4 January 1809 m'kamudzi kotchedwa Coupvray kufupi ndi Paris, bambo ake anali mmisiri wa zikopa, ankasoka zishalo ndi zingwe za akavalo. Ali ndi zaka zitatu ankaseweretsa chida chosongoka cha bambo akewo n'kudzibaya nacho diso, chilonda chinalowa matenda n'kufalikira diso linalo, pofika zaka zisanu mdima. Ali ndi zaka 10 anamutumiza kusukulu ya ana osaona ku Paris komwe mabuku ake anali a zilembo wamba zomwezi koma zikuluzikulu zotupa, olemera, ochepa, ndipo mwana ankatha kuwerenga movutikira koma kulemba yekha ayi. Kunabwera njira ina ya bambo wina dzina lake Charles Barbier, ya timadontho mpaka 12, koma chilembo chimodzi chinkakula kuposa nsonga ya chala. Mnyamata uja anakhala nayo pansi n'kuichepetsa kufika timadontho 6 tokha, titatu uku titatu uku, kuti chala chikangogunda kamodzi chidziwe chilembo. Anamaliza zimenezi ali ndi zaka 15 abale, 15, msinkhu woti kwathu kuno tikumuthamangitsabe kuti akasambe. Buku lake lofotokoza njirayi linatuluka 1829.

Chomwe chimandipweteka ine pa nkhaniyi, munthuyu anakhala mphunzitsi pasukulu yomweyo, ankaimbanso limba m'matchalitchi a mu Paris, koma akuluakulu oona ndi maso awiri anachedwa kuivomereza njira yake. Anamwalira ndi TB pa 6 January 1852 ali ndi zaka 43, njirayo n'kudzavomerezedwa pasukulupo 1854 iye atagona kale. Patatha zaka 100, mu 1952, mpamene anafukula mafupa ake kukawaika ku Panthéon komwe France imaika anthu ake otchuka, koma anthu akwawo ku Coupvray anatsala ndi manja ake. Zoti anatsala ndi manja ine poyamba ndinkati Louis akundinamiza, koma madamu anati ndi zoona.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7 koma dzina la mwana wanga mu braille ndimaliwerenga ndi chala. L ndi wosavuta, timadontho titatu tondondozana kutsika mbali ya kumanzere, ndi chilembo choyamba chomwe anandiphunzitsa atandigwira dzanja pa mkeka. Amene simunaonepo, polemba ndi ka sileti kaja munthu amabaya pepala ndi kachitsulo kuyambira kumanja kupita kumanzere, zilembo chagada, kenako amalitembenuza n'kuwerenga kuyambira kumanzere, nde mutu umayenera kugwira kawiri. Usiku ife tikagona magetsi atazima iye amangopitiriza, umangomva tho tho tho mumdima, bambo ake n'kumati koma yekhayu ndi amene zakuzima kwa magetsi sizimukhudza m'nyumba muno. Anatiuzanso kuti W anachita kumuwonjezera pambuyo chifukwa Chifalansa cha nthawi imeneyo sichinkamugwiritsa ntchito kwenikweni, nde iye amadandaula kuti mnzake wa dzinayo sanaganizire Achewa, ife timati wawa, wawo, wanga, W ali ponseponse.

Anzake a m'kalasi a ku sekondale, ana inu Mulungu akuoneni. Ali Fomu 3 anabwera ku holide ndi mulu wa manotsi a History, mlongo wake wamng'ono anaona mapepala oyera opanda inki n'kuganiza kuti ndi otayidwa, anayatsira mbaula. Theka lonse linapsa tisanadziwe. Panali maliro m'nyumba tsiku limenelo, wolira wina mwini manotsi wina woyatsa mbaula. Sukulu itatsegulidwa anyamata ndi atsikana a kalasi yake anagawana mitu, aliyense ankakhala naye madzulo kumuwerengera mokweza kuchokera m'kope mwake iye akulembanso pa makina olembera braille aja otchedwa Perkins, mpaka zonse zinabwerera. Palibe anawalipira, palibe anawatuma. Ena mwa iwo mayeso sanawayendere bwino chaka chino ndipo mtima wanga uli nawo, musataye mtima ana anga, bwerezani, pakhomo panga ndi panu.

Amayi anzanga a banki mkhonde, inu mukudziwa kangati ndinabwera ndilibe chobweza inu n'kundisunthira tsiku osandichititsa manyazi. Mapepala a braille ndi odula ndipo sapezeka mu golosale, fizi, yunifomu, thiransipoti yomuperekeza ndi kukamutenga chifukwa ulendo uliwonse ndi anthu awiri, zonsezo zinatuluka m'kabokosi kathu kaja. Achimwene a kabaza a pa siteji yathu amene munkamunyamula ngakhale ndilibe ndalama n'kumati mudzapereka akadzakhala bwana, mwamva tsopano, konzekani kudzatenga ngongole yanu kwa mwini wake. Malume ake amene muli ku Johannesburg, foni yoyankhula ija munatumiza inasintha zinthu, ngakhale imayankhula mothamanga moti ine sindimvapo kanthu. A mphakati, a kwaya amene munamulandira n'kumamuyimbira nyimbo kawiri kuti aloweze, abambo mfumu, masisitere, zikomo. Ndi bambo ake a Louis, anthu amayamika ine chifukwa ndine wolongolola, koma bamboyu wagwira ntchito ya ulonda usiku zaka zonsezi n'kumabwera mmawa osagona kukamusiya mwana kokwerera. Bambo a Louis, zikomo, ndanena pagulu kuti musadzati sindinanenepo.

Foni ija itabwera mwanayu anayamba kusaka anzake a dzina, moti pano tikamadya amatiwerengera ngati kalembera. Akuti ku France mafumu a dzinali manambala awo anafika mpaka Louis XVIII. Wina Louis XIV anakhala pampando zaka 72 n'kumanga chinyumba cha Versailles, dera la Louisiana ku America dzina lake likuchokera kwa iyeyo, wina Louis XVI anthu ake omwe anamudula mutu mu 1793, apa bambo ake anati basi ameneyo usamutchulenso tikudya. Port Louis likulu la Mauritius nalonso akuti ndi dzina la mfumu ina ya ku France. Ngakhale zikwama za LV zomwe timagula pa kaunjika zija, zenizeni ndi zabodza zomwe, ndi Louis Vuitton amene anatsegula shopu yake ku Paris mu 1854. Kuno kwathu amatchula a Louis Chimango amene anakhalapo Sipikala wa Nyumba ya Malamulo.

Koma amene ine ndinamugwira pa onsewo, kupatula Braille, ndi Louis Pasteur, chifukwa mwana wa achemwali anga analumidwa ndi galu wachiwewe chaka china ndipo anapulumuka ndi jakisoni. Louis ndi amene anatiuza kuti katemera ameneyo anayamba ndi Pasteur, anamuyesa koyamba mu July 1885 pa kamnyamata ka zaka 9 dzina lake Joseph Meister kamene kanalumidwa koopsa, ndipo kanakhala moyo. Achemwali kuyambira pamenepo anasiya kumutchula mwana wanga kuti wosaona uja, amati adokotala. Mafumu aja kaya anali ndi golide wochuluka bwanji ine sanandipatse kanthu, koma mwana wa msoka zikopa ndi bambo wa katemerayu analowa mpaka m'nyumba mwanga ku Chiradzulu. Apongozi anamwalira Louis ali Fomu 1, ankadziwa za Ambuye Auneau ndi Montfort basi, za Braille anazimvera kwa mdzukulu wawo ali pa mphasa akudwala, ndipo anangoti nanga ine ndinkalakwitsa?

Mwafunsa ambiri kuti tithandize chani. Chachikulu chomwe chatsala ndi laputopu yoti aikemo pulogalamu yowerenga mokweza ija, chifukwa ku yunivesite manotsi ambiri amabwera pa kompyuta, ena mwayamba kale kusonkha pa gulupu ya WhatsApp ya banja ndipo msungichuma ndi malume ake osati ine, musanditumizire ine ndingagulire tomato. Sileti yake yakale ndi ndodo yoyera yaing'ono ija wanena kuti zipite kwa madamu akapatse mwana wina. Ndipo ngati muli ndi mwana wosaona kapena woona movutikira amene akungokhala pakhomo, kaya ndi wa m'bale wanu kaya wa neba, ndilembereni ku inbox ndikulumikizeni ndi madamu, amadziwa sukulu zomwe zili ndi zipinda zimenezi m'maboma ambiri.

Misa yothokoza ili Lamulungu likudzali, Misa yoyamba, ndipo iye ndi amene awerenge kalata yoyamba, wayamba kale kuibaya pa pepala. Tikatuluka tonse kunyumba, kuli thobwa, mpunga ndi nkhuku zomwe amayi a kumsika alonjeza. Mipando ndi yochepa nde azimayi tengani zitenje zoyala, ndipo mukafika musamangomugwira dzanja n'kumufunsa kuti ndine ndani tandiuza, zimamutopetsa, ingonenani dzina lanu.