Kalulu wa mu wadi ya ana tamupulumutsa, koma ndatopa

Bokosi lomaliza lalowa mu sitolo ya chipatala dzulo madzulo. Matailosi 84, osweka atatu okha. Ndagona tulo tofa nato.

Ndine mmisiri womanga nyumba. Tinapatsidwa ntchito yokonzanso wadi ya ana pa chipatala china chakale muno mu Lusaka, ndipo khoma limodzi linali loti ligwetsedwe. Pakhomapo panali chithunzi cha matailosi, kalulu atakwera pamsana pa njovu. Anesi ena achikulire anandigwira mkono: "Bambo, mwana akamabayidwa jakisoni timamuonetsa kaluluyu." Nyundo ndinaiika pansi.

Tinaganiza zochotsa matailosiwo osawaswa. Inunso mukapeza ntchito yotere, musanakhudze kanthu, jambulani khoma lonse, ndipo tailosi iliyonse muimate kapepala ka nambala.

Chondipsetsa mtima ndi kalata. Lamulo la 1989 loteteza zinthu zakale limatchula zomangidwa chisanafike chaka cha 1924, pomwe Lusaka anakhala likulu mu 1935, ndiye ine ndinkati matailosi athuwa ndi ana a dzulo, kalata ya chiyani? Akuluakulu a chipatala anakanitsitsa, ati popanda chilolezo cholembedwa palibe chochotsa. Lachiwiri ndinafika ku ofesi ina m'tauni, abwana ali kumsonkhano. Lachinayi akuti kalata yanga ilibe chidindo. Ndinakwera minibasi kubwerera kuchipatala, chidindo chili m'kabati, kiyi ali ndi munthu amene wapita kumaliro. Tsiku lathunthu, anyamata anga anayi akungotafuna chimanga pamthunzi, ine ndikuwalipira!

Kuchotsako nkosavuta ngati uli ndi mtima wodekha. Tinagula nsalu yopyapyala ku Kamwala, n'kuimata pamwamba pa matailosi ndi guluu wosungunuka m'madzi, kuti tailosi ikang'aluka zidutswa zisabalalike. Kenako grinder, makina odulira, m'mizere ya pakati pa matailosi. Musatokose ndi tchizulo kumbuyo kwenikweni kwa tailosi, simenti ndi yolimba kuposa tailosiyo. Dulani pamodzi ndi pulasitala wake, mukapale pambuyo. Atatu aja anasweka tsiku limene magetsi anazima, mnyamata wina n'kuyamba kugogoda ndi dzanja.

Ndinaiwala, mabokosi tinakhometsa ku Kalingalinga. Matailosi aziima chilili, makatoni pakati, osati kuwasanjikiza ngati mbale.

Za manambala zija ndibwerezenso. Nsalu ikaphimba chithunzi simudziwanso khutu la kalulu ndi chitamba cha njovu, choncho tailosi ikangochoka lembaninso nambalayo kumbuyo. Ziwiri tinaziphonya, mpaka pano tikukanganabe kuti mtambo ndi uti, mimba ya njovu ndi iti.