Sitima inatha, doko lake likadali pomwepo

Anthu kuno ku Scotland akafuna kuseka boma lawo pa nkhani ya sitima ya Glen Sannox, amayambira pa mawindo. Pa 21 Novembala 2017, Nicola Sturgeon, yemwe ankatsogolera boma la Scotland nthawi imeneyo, anapita ku Port Glasgow kukaitsitsira m'madzi, atolankhani ali piringupiringu. Pambuyo pake zinadziwika kuti mawindo a chipinda cha kaputeni amene ankaoneka pa zithunzi sanali mawindo ayi, inali penti yakuda yopaka pachitsulo. Mpaka lero nkhaniyi imaseketsa anthu m'basi. Kwa ine pentiyo ndi manyazi a tsiku limodzi chabe. Chimene chimandiimitsa mutu n'chakuti sitimayi anaipangira njira yochokera ku Ardrossan kupita ku Brodick, pa chilumba cha Arran, koma itatha, doko la Ardrossan linali lisanakonzedwe kuti iziti ikabwera izikochezapo bwinobwino.

N'chifukwa chake inabwera kuno ku Troon, kumene ndimakhala ndi kugwira ntchito yosamalira okalamba.

Mbiri yake ndingoidutsa mwachangu, chifukwa yanenedwa mokwanira. Mu 2015 boma linapereka ntchito yopanga sitima ziwiri kwa kampani ya Ferguson Marine pa mtengo wa mapaundi 97 miliyoni, ndipo zonse zimayenera kutha mu 2018. Kampaniyo inagwa mu 2019, boma n'kuitenga. Mphuno ya pansi pa madzi anaidula n'kuikapo ina. Mawaya ambiri amagetsi anapezeka kuti ndi aafupi. A Maritime and Coastguard Agency, amene amaona za chitetezo cha panyanja, sanakhutire ndi njira zothawira pakagwa ngozi, choncho anawonjezera masitepe, ndipo chiwerengero cha okwera chinatsika kuchoka pa 1,000 kufika pa 852. Glen Sannox inaperekedwa mu Novembala 2024, ndalama za sitima ziwirizi zitakwera kupitirira kanayi.

Koma anthu inayamba kuwanyamula pa ndondomeko yake pa 13 Januwale 2025. Masabata apakatiwo ndi amene ndikufuna kunenapo, chifukwa ndi amene ndinawaona ndi maso, komanso ndi amene anthu ambiri sanawamvetse. Kuntchito anzanga ankang'ung'udza kuti takhala tikudikira zaka zonsezi, lero sitima yabwera ikungozungulira yopanda munthu, kuotcha mafuta a misonkho yathu. Inenso poyamba ndinkangogwedeza mutu kuvomereza nawo, mpaka bambo wina wachikulire woyandikana naye nyumba, amene anagwira ntchito m'sitima za katundu mpaka kupuma, ananditengera pa Ballast Bank ndi magalasi ake oonera patali. Ballast Bank ndi chimtumbira chachitali chomera udzu chimene chimatchinga doko la Troon ku mphepo. China mwa dothi lake ndi limene sitima zakale zinkabwera nalo kuti zisapepuke, n'kulitaya pano zisanapakire malasha. Mu Disembala pamazizira moti zala zimakana kugwira foni.

Sitima yotalika mamita 102 ilibe mabuleki. Ikamalowa padoko imabwera pang'onopang'ono, mpaka umayamba kukayika ngati ikuyendadi. Pafupi ndi mphuno, pansi pa madzi, pali mapulopela okankhira madzi cham'mbali, ndiye ukaona thovu loyera likuwira m'mbali mwake, dziwa kuti kaputeni akuisendeza kukhoma. Iyeyo sakhala pakati pa chipinda chake nthawi imeneyi. Amapita kumapeto kwenikweni, mbali imene inatulukira kunja pamwamba pa madzi, kuti aziona yekha mpata wa pakati pa sitima ndi doko, kwinaku a kutsogolo ndi a kumbuyo akumuwerengera mamita otsala pa wailesi za m'manja. Ikayandikira, mmalinyero amaponya kachingwe kowonda kokhala ndi mfundo yolemera kunsonga. Wapadoko amakatola n'kuyamba kukoka, ndipo kumapeto kwa kachingweko n'kumene kwamangidwa chingwe chenicheni chonenepa chija. Amachikoleka pa chitsa chachitsulo, winchi ya m'sitima n'kuchikunga mpaka madzi kudontha m'chingwemo. China kutsogolo, china kumbuyo, zina zopingasa zoletsa sitima kuseseleka motsatira khoma. Zonse zikakhala m'malo, amaima kanthawi, anthu ovala majekete owala akuyendayenda, kuloza apa ndi apo. Kenako amamasula, n'kutuluka, kuti adzabwerezenso.

Ndinawafunsa bambowo kuti kodi kamodzi sikokwanira, poti makaputeniwa ndi akatswiri kale? Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. Anati ukatswiri wa kaputeni ndi wa sitima imene waizolowera. Sitima iliyonse ili ndi khalidwe lake: ina imamva chiwongolero msanga, ina imachedwa, ina ukaimitsa injini imapitabe patali. Glen Sannox ndi yaitali m'mwamba, ndiye mphepo ikaomba cham'mbali imakhala ndi khoma lalikulu lokankha. Kaputeni ayenera kudziwa kuti mphepo ikafika pati mapulopela am'mbali aja amagonja, ndipo zimenezi bola azidziwe mulibe anthu 800 m'katimo. Komanso ogwira ntchito m'sitimazi amasinthana, gulu lina likakhala panyanja lina lili kunyumba, choncho aliyense woyenera kudzaigwira ayenera kuilowetsa yekha padoko lililonse, masana ndi usiku womwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri chimene anandionetsa sindikanachiganizira ndekha, poti ndinakulira ku Nkhotakota kumene nyanja simakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Kuno ku Firth of Clyde madzi amatha kusintha ndi mamita atatu pakati pa kudzaza ndi kuphwa. Sitima imakwera ndi kutsika nawo, koma msewu wapadoko uli pamodzimodzi. Pakati pa ziwirizi pamakhala chimlatho chachitsulo chimene amachitcha linkspan, chomangiriridwa kumtunda mbali imodzi, mbali inayo imakwezedwa kapena kutsitsidwa kuti ilingane ndi sitima. Chitseko cha magalimoto chikatseguka chimagona pa chimlathocho. Chikagona mopendama, kapena kumapeto kwenikweni, palibe galimoto ingadutse. Chikagona bwino koma potsetsereka pakhala pokwera kwambiri, galimoto yaing'ono imakhula mimba ndipo basi yaitali imakhula kumbuyo. Ndiye ayenera kuyesa madzi atadzaza, kuyesanso ataphwa, sitima ili yopepuka, kenako poganizira kuti mathiraki olemera akamalowa imamira pang'ono. Amaonanso ngati mphira zikuluzikulu za pakhoma zikukhudza sitima pamalo olimba, osati pakhomo kapena pawindo, ndiponso ngati zitsa zomangirira zingwe zili pamene zingwe za sitima iyiyi zimafika. Ku Brodick, kumene doko latsopano linatsegulidwa mu 2018, kuli mlatho wotsekedwa wa oyenda pansi umene uyenera kukumana ndendende ndi khomo la m'mbali mwa sitima. Kuphonya ndi mita imodzi, agogo a pa njinga ya olumala satsika.

Za m'kati sitinkaziona, koma bambowo anazichita kwa zaka zambiri. M'sitima yonyamula anthu, wophika ndi wogulitsa tiyi yemwe ali ndi malo ake belu la ngozi likalira: wina amaima pamasitepe kulozera anthu njira, wina amafufuza m'zimbudzi, wina amagawa majekete oyandamitsa. Amayeserera kuzimitsa moto pamalo oimika magalimoto, kutsitsa boti lopulumutsira wogwera m'madzi, kutulutsa anthu kupita ku zibaluni zoyandama. Oyendera a boma amaonerera, ndipo akapanda kukhutira satifiketi yonyamulira anthu situluka. Pa Glen Sannox panali china chowonjezera, chifukwa imayendera dizilo komanso gasi wamadzi wa LNG, amene amasungidwa wozizira kufika pa madigiri 162 pansi pa ziro. Gasiyo amabwera pa mathanki apamsewu kuchokera ku Isle of Grain ku Kent, mtunda wopitirira makilomita 700. Kulumikiza mapaipi a chinthu chozizira chotero padoko pamene pakudutsa anthu ndi ntchito yoti uiphunzire pasadakhale. Kuti gasi wotchedwa wosamala chilengedwe azichita kuyenda ulendo wonsewo pa thiraki ya dizilo, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo anthu kuno amaiseka mofanana ndi ya mawindo ija.

Poyesa sitimayi panyanja ndi pamene zinadziwikanso kuti makina okwezera nangula ali ndi vuto. Ndinaseka ndekha nditamva, chifukwa kuno nangula ndi wa tsiku la tsoka, pamene kwathu ndi wa ulendo uliwonse. Ilala ikafika ku Nkhotakota imaponya nangula patali, n'kutsitsa maboti ake, ndipo anthu amapita kukakwera atapinda zovala, thumba la chimanga pamutu, mwana kumsana. Ambiri sadziwa kuti Ilala inapangidwa pa mtsinje womwewu wa Clyde, ku Scotstoun, ndi kampani ya Yarrow mu 1949, n'kutumizidwa zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Sindikutamanda kukwera sitima madzi ali m'chiuno. Amene anakwezapo mayi wodwala m'boti mwera ukuomba sangatamande zimenezo. Kungoti Ilala ndi magombe ake zimadziwana. Imanyamula yokha njira yofikira kumtunda.

Glen Sannox njira yotero ilibe, imadalira doko, ndipo apa ndi pamene nkhani ya Ardrossan imandipweteka. Doko limenelo polowera pake m'popanikiza, ndipo sitima ikangolowa imayenera kukhota mwamphamvu kuti ifike pamalo ake. Sitima yakale ya Caledonian Isles, ya mu 1993, imene yakhala ikuyenda njirayi, ndi yaifupi ndipo imakwanitsa. Zoti yatsopanoyi idzafuna doko lokonzedwanso zinkadziwika kalekale. Humza Yousaf ali nduna ya zamtengatenga anavomereza ntchitoyo mu 2018. Koma dokolo linali la kampani ya Peel Ports, osati la boma, ndipo kukokanakokana pa nkhani ya amene alipire zingati kunatenga zaka, mpaka mu 2023 ntchitoyo inaimitsidwa kuti aunikenso mtengo. Zili ngati munthu woitanitsa kabati kwa kalipentala, akudziwa bwino kuti pakhomo pake sidzalowa, n'kungoti khomolo tidzaona. Kuchedwa kwa sitima kunawapatsa zaka zina zaulere zoti akonze dokolo, komabe sitima yochedwayo ndi imene inayamba kufika. Mu Febuluwale 2025 nduna Fiona Hyslop inalengeza kuti boma likuganiza zogula dokolo.

Ife a ku Troon tinapindula, sindikana. Doko limene kale munkakocheza sitima za P&O zopita ku Larne linadzukanso. Koma wolipira ndi wa ku Arran, chilumba cha anthu pafupifupi 4,600. Kuchokera ku Ardrossan ulendo ndi wa mphindi 55. Kuchokera ku Troon umatenga pafupifupi ola ndi mphindi 15, ndiye maulendo a pa tsiku amachepa, atatu m'malo mwa asanu. Ku Ardrossan sitima ya pamtunda yochokera ku Glasgow imaima pafupi penipeni ndi doko, pamene kuno siteshoni ili patali, munthu amafunika basi. Kwa mlendo wokakwera phiri la Goat Fell zimenezi n'zazing'ono. Kwa wokalamba amene ali ndi nthawi yoonana ndi dokotala ku chipatala cha Crosshouse, ndi kusiyana kwa kubwerera tsiku lomwelo ndi kugona kutsidya lino. Pa ntchito yangayi ndimadziwa mmene munthu wa zaka 85 amatopera akangosinthitsidwa galimoto kamodzi kowonjezera. Nawo a mashopu a ku Ardrossan, tauni yosauka kale kuyerekeza ndi Troon, anangoona makasitomala akudutsa ulendo wa kwina.

Nditaikwera ndekha nyengo itayamba kufunda, ndinapeza kuti ndi sitima yabwino ndithu: yotakasuka, yosachita phokoso, ndipo mafunde siiwamva kwambiri. Pofika ku Brodick sindinathamangire kukhomo ngati anzanga, ndinatsalira panja kuonerera zingwe. Mnyamata woponya kachingwe kaja anaponya kamodzi, wapadoko n'kutola osasuntha phazi, ndipo mlatho wa oyenda pansi unabwera n'kukhala pakhomo popanda wokuwa kapena kubwerera m'mbuyo. Pa zonse zimene zinachitika ndi sitimayi kuyambira 2015, masabata oyenda yopanda anthu aja ndi gawo limene ndinganene mosakayika kuti linagwiridwa mwadongosolo. Sikuti anathetsa zonse. Mu Malichi 2025 anapeza kamng'alu pa malo owotcherera kumbuyo kwake, n'kuiimitsa masiku angapo, ndipo anthu a pachilumba amadandaulabe kuti doko la Brodick limavuta mphepo ikachokera kum'mawa.

Inzake, Glen Rosa, anaitsitsira m'madzi mu Epulo 2024 ndipo mu 2025 ankaimalizabe ku Port Glasgow. Bambo aja akuti ngakhale ndi mapasa, nayonso idzayenera kuyesedwa payokha padoko lililonse, chifukwa sitima ziwiri sizimva chiwongolero mofanana. Kutalika kwake ndi komweko, mamita 102, ndiye ikadzatha Ardrossan asanakonzedwe, nayonso tidzailandira kuno ku Troon.