Mmene kamba wa m'nyanja yamchere amapezera njira ya kwawo

Ife a ku Lilongwe nyanja yamchere timangoionera pa kanema, koma nkhani ya maulendo a nyama za m'madzi inandigwira mtima tsiku limene ndinagula mpasa wowamba mumsika waukulu wa mumzinda muno. Mayi amene ankagulitsa anandiuza kuti nsomba imeneyi imachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaikira mazira pamiyala. Ndinadzifunsa kuti ngati mpasa umatha ulendo wotere, nanga nyama zimene zimadutsa nyanja zikuluzikulu, kumene kulibe phiri kapena mtengo woti n'kuzindikirira malo, zimayenda bwanji osasochera?

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi akamba a m'nyanja. Pali akamba obiriwira amene amadya udzu wa m'madzi m'mphepete mwa dziko la Brazil, koma nyengo yoswana ikakwana amasambira mtunda woposa makilomita 2,000 kupita pa kachilumba ka Ascension, komwe kali pakati penipeni pa nyanja ya Atlantic, ndipo ambiri mwa iwo amakaikira mazira kudera limene iwo eni anaswedwera.

Kamwana ka kamba kakangotuluka mumchenga usiku, kamakwawira kumene kukuwala kwambiri, chifukwa kunyanja kumawala kuposa kumtunda. Kakalowa m'madzi kamasambira molimbana ndi mafunde, ndipo mafunde akatha mphamvu kutali ndi gombe, kamayamba kudalira mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Wasayansi Kenneth Lohmann wa ku yunivesite ya North Carolina ku America anaika tiana ta akamba a ku Florida, dera lina la dziko lomwelo, m'thanki ya madzi yozunguliridwa ndi mawaya amagetsi, n'kumasintha mphamvu ya maginito kuti ifanane ndi ya madera osiyanasiyana a nyanja. Atafananiza ndi dera la kufupi ndi Portugal, tiakambato tinatembenukira kumwera, komwe ndi kumene kamba weniweni amayenera kulowera akafika pamalopo kuti asatengedwe ndi madzi ozizira a kumpoto. Tiakambato tinachita zimenezi tisanayendepo ulendo uliwonse, ndiponso popanda kholo lotitsogolera.

Pofuna kuti ana anga amvetse, madzulo ena ndinakhuza singano pa maginito a sipika ya wailesi yakale, ndinaiika pa katsamba koyandama m'mbale ya madzi, ndipo tonse tinaiona ikuzungulira pang'onopang'ono mpaka inaima italoza kumpoto ndi kumwera. Komabe singano imangosonyeza mbali, pamene kamba amazindikiranso pamalo pamene ali, chifukwa kukula kwa mphamvu ya maginito ya dziko ndi kupendekeka kwake zimasiyana dera ndi dera. Ine ndimaona kuti kusiyana kumeneku ndiye pagona nkhani yonse.

Nsomba za salimoni, zimene zimaswedwera m'mitsinje n'kukakulira m'nyanja yamchere, nazonso zimamva maginito zikakhala pakati pa nyanja, koma zikayandikira kumtunda zimatsata fungo la mtsinje umene zinaswedwera. M'zaka za m'ma 1950, wasayansi wa ku America Arthur Hasler ndi mnzake anatseka mphuno za salimoni zina ndi thonje, ndipo zambiri mwa izo zinalephera kusankha mphanda yoyenera ya mtsinje, pamene zosatsekedwa mphuno zinabwerera kwawo.

Chimandipweteka mtima n'chakuti luso lakale chonchi limasokonezeka ndi babu limodzi lokha. M'magombe amene mwamangidwa mahotela ndi misewu, tiana ta akamba timatsata kuwala kwa magetsi n'kulowera kumtunda, kumene timafa ndi dzuwa, kudyedwa ndi mbalame kapena kupondedwa ndi magalimoto. N'chifukwa chake madera ambiri a ku Florida anakhazikitsa malamulo akuti nyumba zoyang'ana kunyanja zizithimitsa kapena kuphimba magetsi ake m'miyezi imene akamba amaikira mazira ndi kuswa.