Musanalole kuti kompyuta yanu ifomatidwe

Kuno ku Salima, kompyuta ikangokana kuyaka, mawu omwe mwini wake amamva msanga kwa okonza ambiri ndi akuti "tiifomate basi", kutanthauza kufufuta zonse za mu kompyutamo n'kuikamo Windows yatsopano. Ine sindigwirizana nalo liwiro limeneli, chifukwa kawirikawiri chomwe chawonongeka ndi Windows yokha, pomwe makalata, zithunzi ndi mabuku a ndalama za bizinesi zili bwinobwino mu hard drive, disiki yosungira zinthu mkati mwa kompyuta. Magetsi akazima mwadzidzidzi kompyuta ili mkati moika update, makamaka ya padesiki yopanda UPS (batire yoisunga yoyaka magetsi akazima) kapena laputopu yomwe batire yake idafa kale, mafayilo omwe Windows imadalira poyaka amatsala osamalizidwa kulembedwa. Kufomata kumathetsadi vutoli, koma kumasesa ndi zonse zomwe munthu wasunga kwa zaka.

Ntchito yoyamba ndi kupulumutsa mafayilo, kukonza Windows kubwere pambuyo. Njira yomwe ndimaidalira ndi flashi yokhala ndi Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Mumayatsa kompyuta kudzera pa flashiyo, n'kusankha Try Ubuntu, osati Install, ndipo hard drive imaoneka ngati foda wamba, kotero mumakopera foda yonse ya Users kupita ku hard drive ina yakunja. Mukamva disiki ikugogoda mkati mobwerezabwereza, kapena kukopera kukuima pa fayilo imodzimodzi, dziwani kuti disikiyo ikufa, ndiye yambani ndi mafayilo ofunikitsitsa, mafilimu ndi nyimbo zidikire. Malaputopu ambiri atsopano amabwera disiki itatsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows woteteza mafayilo, ndipo popanda kiyi yake ya manambala 48, yomwe nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake, palibe wokonza wa pa Kamuzu Road kapena ku Lilongwe amene angaitsegule.

Mafayilo akakhala pabwino, m'pamene mungayese kukonza. Windows ikalephera kuyaka motsatizana imadzitsegulira yokha tsamba la Automatic Repair, ndipo pansi pa Advanced options pali Startup Repair, Uninstall Updates ndi System Restore. Iyi yomalizayi imabweza Windows momwe idalili tsiku lina lam'mbuyo popanda kukhudza makalata anu, koma imagwira ntchito pokhapokha ngati idali yoyatsidwa vuto lisanafike. Zonsezi zikakanika, Reset this PC, mukasankha Keep my files, imasiya mafayilo n'kuchotsa mapulogalamu omwe mudaikamo. Kuika Windows yatsopano kumafuna flashi ya 8 GB komanso bandulo yokwanira, ndipo kumbukirani kuti Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Pobwezeretsa backup, kope la mafayilo lomwe mudasunga kwina kale, m'pamene anthu ambiri amadzipweteka okha chifukwa cha changu. Flashi yomwe yakhala ikuzungulira m'malo osindikizira makalata pa boma nthawi zambiri imakhala ndi vayirasi ija yobisa mafoda n'kusiya ma shortcut, ndipo mukaisomeka musanaike antivirus, mwabweza matenda mu kompyuta yomwe yangochira kumene. Onaninso tsiku lomwe backup idapangidwa, kenako muitsanulire mu foda yatsopano osati pamwamba pa zomwe mudapulumutsa, kuopa kuti fayilo ya mwezi watha ingafute ya dzulo. File History, njira yosungira makope a mafayilo yomwe idabwera ndi Windows 8 mu 2012, imathandiza pamenepa chifukwa imakulolani kusankha tsiku lenileni la fayilo yomwe mukufuna.

Omwe amadalira Google Drive, yomwe imapereka 15 GB yaulere yogawana ndi Gmail ndi Google Photos, adziwe kuti fayilo yofufutidwa mu foda yolumikizidwa pa kompyuta imafufutikanso pa intaneti, ndipo mu Trash, foda ya zofufutidwa, imakhalamo masiku 30 okha. Choncho mukazindikira kuti china chake chasowa, lowani mu akauntiyo kudzera pa foni tsiku lomwelo, muchibweze kompyuta isanakonzedwe n'komwe.