Injini Imene Inkazima Ikayenda Mphindi 40

Boti langa limayenda ndi matanga, ndipo injini ndimaifuna pa nthawi zochepa chabe: potuluka padoko, pobwerera, ndiponso mphepo ikaleka kuomba ndili kutali ndi gombe. Komatu nthawi zimenezi ndi zomwe munthu sangalole kuti injini imugwiritse mwala, chifukwa polowa padoko boti limakhala pakati pa miyala ndi maboti a anthu ena, ndipo lilibe mabuleki ngati galimoto. Likangotha mphamvu limapita kumene mphepo ndi madzi zikulikankhira. N'chifukwa chake vuto limene ndinalimbana nalo kwa miyezi iwiri linandisowetsa mtendere kwambiri.

Injini ya m'botimo ndi ya petulo, ya mtundu wa Atomic 4, imene kampani ya Universal Motor ya ku Oshkosh, m'chigawo cha Wisconsin ku America, inkapanga kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mpaka mu 1984. Ili ndi masilinda anayi, ndipo inaikidwa m'maboti a matanga pafupifupi 40,000. Ndimaikonda chifukwa ndi yosavuta kuimvetsa: ilibe kompyuta, petulo amadutsa mu kabuleta, imene imamusakaniza ndi mpweya, ndipo moto umachokera ku koyilo n'kugawidwa ku mapulagi anayi. Injini yotere ikazima, nthawi zambiri imakhala yasowa petulo, moto kapena mpweya, ndipo ntchito ya mwini boti ndi kupeza chimene chasowacho.

Vutolo linkabwera motere. Injini inkalira bwinobwino m'mawa, n'kuyenda mosadodoma kwa mphindi pafupifupi 40, kenako n'kuyamba kutsamwa, mphamvu ikukwera ndi kutsika, mpaka kuzima. Ndikayesa kuiliza nthawi yomweyo inkakana. Ndikadikira mphindi 15 kapena 20 inkalira ngati sipanachitike kanthu, ndipo padoko, pamene ndinali ndi zipangizo zonse pafupi, sinkasonyeza vuto lililonse.

Ndisanapitirire, ndinene za chitetezo, pakuti petulo m'boti si wofanana ndi petulo m'galimoto. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, motero m'galimoto umatsikira pansi n'kumwazika pamsewu, koma m'boti umakadikha pansi penipeni, pomwenso pali injini ndi mawaya amagetsi. Kamoto kakang'ono n'kokwanira kuphulitsa boti lonse. Choncho ndisanalize injini ndimayatsa fani yotulutsa mpweya kwa mphindi zosachepera zinayi, ndipo ndimagwada n'kununkhiza pansi pa injini ndi mphuno yanga. Injini ikazima ndili pamadzi, sindithamangira sipanala: ndimayamba ndakweza thanga kapena kuponya nangula kuti boti lisatengeke. Ndiponso ngati ndikuyembekeza kuzungulitsa injini nthawi yaitali isakulira, ndimatseka mpopi wolowetsa madzi oziziritsa, chifukwa pampu imapitiriza kuthira madziwo mu paipi ya utsi pomwe palibe utsi wowakankhira kunja, ndipo akadzaza amatha kubwerera mpaka m'masilinda. Injini ikangolira ndimautsegulanso msanga.

Poyamba ndinakayikira kabuleta, monga amachitira anthu ambiri. Ndinaimasula, ndinatsuka timabowo take tonse, ndinasintha sefa ya petulo, ndipo ndinatunga petulo wa pansi pa thanki n'kumuthira m'botolo loyera kuti ndione ngati muli madzi. Kuyesa kumeneku n'kofunika, chifukwa petulo wosakaniza ndi ethanol amakoka chinyezi, ndipo akakhalitsa m'thanki madzi ndi ethanol zimapatukana n'kukadikha pansi, pomwe pali kamwa ya paipi yokokera mafuta. M'botolo langa munalibe madzi, ndipo sefa yakale inali yoyera ndithu. Ulendo wotsatira injini inazimanso pa nthawi yake yomweija.

Apa ndinaganizira koyilo. Koyilo yofooka imagwira bwino ntchito ikadali yozizira, koma ikatentha imaleka kutulutsa moto, ndipo ikazizira imayambiranso, zomwe zinkafanana kwambiri ndi zimene ndinkaona. Ndinatsala pang'ono kugula yatsopano. Chimene chinandiletsa ndi mmene injiniyo inkazimira. Moto ukaduka, injini kawirikawiri imazima mwadzidzidzi, ngati munthu watembenuza kiyi. Ikamasowa petulo imayamba yadandaula, kutsokomola ndi kugwedezeka, isanazime. Yanga inkadandaula kaye. Komabe khutu limatha kunama, motero ndinaganiza zoyesa zinthu pa mphindi yeniyeni imene injini yazima, osati pambuyo pake, chifukwa vuto lotere limabisala zinthu zikazizira.

Ndinatenga mnzanga kuti agwire chiwongolero, tinapita pamalo otakasuka opanda miyala, ndipo tinaisiya injini kuti iyende mpaka izime. Itangozima tinaponya nangula, tinatulutsa mpweya ndi fani, ndipo ndinalumikiza kachipangizo koyezera moto pa waya wa pulagi. Ndimagwiritsa ntchito kotsekeka, kamene moto umaonekera mkati mwa galasi, popeza kugunditsa waya pachitsulo kuti uthetheke poyera, monga ena amachitira pa galimoto, n'kuika moyo pachiswe m'chipinda cha injini ya boti. Moto unalipo, wamphamvu, wabuluu. Koyilo inali yotentha, koma osati mopitirira muyeso. Kenako ndinaika kachitini pansi pa kabuleta n'kumasula bawuti yotulutsira petulo, ndipo munatuluka timadontho tochepa chabe m'malo mwa petulo wodzaza kabakuli kake. Tsiku limenelo ndinadziwa motsimikiza kuti moto ulibe mlandu, ndipo kuti petulo sakufika ku injini.

Funso linatsala linali lakuti akuimira pati. Pakati pa thanki ndi kabuleta pali zinthu zingapo zimene zingatseke njira: kansefa ka kunsonga kwa paipi ya m'thanki, kamene kamatsekeka ndi zinyalala mafunde akavundula za pansi, valavu yoletsa petulo kutayikira yekha paipi ikabooka, imene ili ndi kampira ndi sipuling'i zomwe zimatha kugwirana, mapaipi a labala okalamba amene amafewa mkati n'kuphwatalala, ndi pampu yeniyeniyo. Pampu yanga ndi yamagetsi, ndipo imalandira magetsi kudzera pa siwichi imene imadula mphamvu oyilo akasiya kuthamanga mokwanira, n'cholinga choti pampu isamapope petulo injini itaima. Siwichi imeneyi ikawonongeka imazimitsanso injini yabwinobwino. Ndinayeza magetsi ofika pa pampu ndipo anali okwanira.

Chimene chinanditsegula maso ndi kabuku kamene ndimalembamo za ulendo uliwonse. Nditawerenga masamba a miyezi iwiriyo ndinaona kuti mphindi 40 zija sizinali zokhazikika. Masiku amene ndinanyamuka thanki ili yodzaza, injini inkazima msanga, nthawi zina mphindi 25 zisanakwane. Masiku amene petulo anali atatsika kufika pakati, inkayenda kupitirira ola. Koyilo, pampu kapena sefa sizisamala kuti m'thanki muli petulo wochuluka bwanji. Chimene chimasintha ndi kukula kwa malo a mpweya pamwamba pa petuloyo.

Thanki iyenera kupuma. Petulo akamatuluka, mpweya wakunja uyenera kulowa kudzatenga malo ake, ndipo umalowera pa kapaipi kakang'ono kochokera pamwamba pa thanki kukatulukira m'mbali mwa boti. Kapaipi kameneka kakatsekeka, pampu imakoka petulo m'chotengera chotsekeka ponseponse, ndipo pang'ono ndi pang'ono thanki imayamba kukokera mkati mpaka mphamvu ya pampu italephera. Zili ngati munthu akuyamwa madzi m'botolo lolimba popanda kulola mpweya kulowa: poyamba amabwera, kenako amaleka. Thanki ikakhala yodzaza, mpweya wa pamwamba umakhala wochepa, motero kukokako kumakula msanga. Ikakhala ndi malo ambiri, pamatenga nthawi. Ndipo injini ikaima, mpweya umalowerera pang'onopang'ono m'timipata, n'chifukwa chake inkaliranso ndikadikira.

Ulendo wotsatira injini itayamba kutsamwa ndinamasula chivindikiro cha pothirira petulo. Ndinamva mpweya ukulowa ndi mluzu, ndipo patapita masekondi ochepa injini inabwerera m'mawu ake osazima n'komwe. Sindinasiye chivindikirocho chotsegula, chifukwa mafunde akhoza kuthira madzi m'thanki, koma ndinkachimasula mwa apo ndi apo mpaka tinafika padoko. Kuti ndisadzinamize, tsiku lina ndinalumikiza injini ku kathanki kakang'ono konyamula, kamene ndinakamangirira panja pomwe pali mphepo, ndipo inayenda maola awiri popanda kudodoma.

Kufika pa kapaipi kopumirako kunali kovuta kuposa ntchito ina yonse, chifukwa kanadutsa kuseri kwa thanki, pamalo pamene mkono umalowa movutikira. Nditakamasula ndinayesa kupemereramo ndi kapampu ka m'manja, ndipo mpweya sunadutse. Kunsonga kwake, m'kachitsulo kotulukira kunja, timavu tomanga zisa ndi dothi tinali titamata bowo lonse, ndipo dothilo linali louma gwa ngati simenti. Kansefa kawaya kamene kamayenera kukhala pakamwa pa kachitsuloko kanali katadyeka ndi dzimbiri kalekale. Kansefa kameneka kali ndi ntchito ziwiri, kutchinga tizilombo ndi kuletsa moto wakunja kulowa m'thanki, motero kusowa kwake kunali kowopsa kuposa kuzima kwa injini. Ndinapezanso kuti kapaipiko kanali katagwera pansi chapakati, n'kupanga kachigwa momwe munadikha petulo pang'ono, ndipo kachigwa kotere pakokha kakhoza kutsekereza mpweya.

Ndikudandaula kuti ndinayamba ndi kumasula kabuleta, chifukwa kuteroko kunawonjezera zinthu zokayikitsa: nditaibwezera ndinkafunsanso ngati ndinaimanga bwino, pamene poyamba inalibe vuto. Kumasula chivindikiro kumatenga masekondi asanu ndipo sikufuna chipangizo chilichonse, choncho pa injini yozima ikayenda kanthawi ndimaona kuti ndiko kuyenera kukhala koyamba, kenako kuyeza moto, kenako kuona petulo wa mu kabuleta. Injini yozima pongolowetsa giya ndi nkhani ina, ndipo pamenepo ndimayamba ndaona ngati chingwe sichinakulungike pa pulopela.

Ndinaika kachitsulo katsopano kokhala ndi kansefa kake, ndinasintha kapaipi konse ndi ka mtundu wovomerezeka pa petulo wa m'maboti, ndipo ndinakamangirira kuti kakwere mosagwera pena paliponse kuchokera pa thanki mpaka potulukira. Loweruka lotsatira ndinadzaza thanki dala, popeza ndi pamene vuto linkafulumira, ndipo injini inayenda maola atatu chivindikiro chili chotseka. Nditachimasula pofika padoko sipanamveke mluzu uliwonse.