Njinga ndi wailesi nazonso zimasewera mu filimu

Anzanga opanga mafilimu, tikambiraneko za katundu amene timawapatsa osewera m'manja. Kamera timabwereka yodula, koma mbale, wailesi ndi njinga timangotola zilizonse zomwe zili pafupi tsiku lojambula.

Onani The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, yomwe inatuluka mu 2019. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, Kasungu, yagona pa njinga imodzi ya bambo ake. Njingayo ndi yakutha, yooneka kuti yanyamula matumba kwa zaka. Ndiye mwana akapempha kuti aidule apangire makina amphepo, woonera amamvetsa yekha chifukwa chake bambo akukalipa: m'chaka cha njala, ndi chuma chokhacho chatsala pakhomo. Ikanakhala yonyezimira ngati yochokera m'sitolo dzulo, mkangano wonsewo sukanagwira mtima. Dayinamo ya pa njinga ya aphunzitsi, mawailesi otsegula kumbuyo, mabatire akutha, zonsezi anazisankha dala.

Ife kuno ndiye pali ntchito. Filimu ikuti ndi nthawi ya Kamuzu, koma mkulu akutulutsa m'thumba K2,000, ndalama yomwe inabwera mu 2016! Pakhoma pali kalendala ya chaka chino, mayi wavala chitenje cha chipani chomwe chinali chisanabadwe n'komwe.

Amene muli ndi ndalama zakale za nkhope ya Kamuzu, wailesi ya Nzeru kapena simbi yamakala kwa agogo, musataye chonde. Ndiuzeni, tidzabwereke.