Ma survey a pa intaneti anditopetsa abale

Dzulo magetsi anabwera cha m'ma 11 usiku monga mwa chizolowezi kuno ku Mufakose mu Harare, ndiye mmalo mogona ngati munthu wanzeru ine ndinabaya foni pa chaja nkutsegula ka survey kena, tija timafunso ta kafukufuku tomwe amakulipira ukayankha, komwe kanalonjeza dola imodzi ndi masenti 50 pa mphindi 20. Ndinayankha zaka zanga, kuti ndine wamkazi, mnyumba timakhala angati, sopo wochapira amene ndimagula, kangati pamwezi, ndimagula kuti, ngati ndinaonapo zotsatsa zake pa Facebook kapena ndinangomva pa wailesi, mpaka kamzere kapamwamba kaja kanafika pa 60 peresenti. Kenako sikirini inangoti mbee, nkubwera mawu oti zikomo koma simuli mgulu la anthu omwe tikuwafuna. Malipiro ake mapointi 3. Atatu abale, oti ngakhale tomato mmodzi pa Mbare Musika sangagule.

Kukanidwako sikundiwawa kwenikweni. Ndimamvetsa kuti wofufuza amakhala akufuna anthu akutiakuti, kaya amayi a ana aang'ono kaya eni galimoto, ndipo chiwerengero chikakwana amatseka. Koma mafunso osefera anthu malo ake ndi koyambirira, atatu anayi basi munthu nkudziwa zake. Izi zondifunsa za sopo kwa mphindi 12 kenako nkumati sindine woyenera, nanga mayankho anga aja apita kuti? Ine sindinaone akundibwezera. Ndimakhulupirira kuti amawasunga ndithu, angokana kulipira.

Anandilowetsa mu zimenezi ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg, iye amati akakhala pa ka ola kamodzi madzulo amapeza ya buledi. Chomwe sanandiuze nchoti masamba ambiri olipira bwinowo South Africa amailandira koma ife ayi. Mukudziwa kuti pa mndandanda wa mayiko Zimbabwe imakhala pansi penipeni, umatsitsa mpaka chala kutopa, ndiye tsiku lina ndinatsitsa choncho nkupeza mndandanda wathera pa United States. Basi. Ena pa gulu la WhatsApp amati ingoyatsa VPN, ka pulogalamu kobisa dziko lomwe uli, uzioneka ngati uli ku London, koma mnzanga wina anatero ndipo atangofuna kutapa madola 14 omwe anavutikira mwezi wathunthu anamupempha chitupa, akaunti nkutsekedwa pompo. Ine za bodzazo ndinakana, ndimangotola nyenyeswa pa masamba ochepa omwe amatilola.

Ndiye mafunso akewo, mayi wanga ine. Amafuna postal code, chinthu choti kuno sitigwiritsa ntchito, umalemba 0000 akukana, umalemba 00263 mwina alola mwina ayi. Amafunsa kuti pachaka mumapeza ndalama zingati, nkukuikira timabokosi toyambira pa madola zikwi makumi angapo, ine wogulitsa zovala za mbelo woti sabata ino zayenda sabata yamawa mvula yagwa palibe wagula, ndisankhe kati? Ndipo ndiwerengere mu chani poti wina amandipatsa dola, wina ZiG, ndalama ya kuno yomwe inabwera mu April 2024 ija, wina amatumiza pa EcoCash, wina amati ndidzakupatsa kutha kwa mwezi. Kabokosi ka moyo woterewu kulibe.

Funso la chilankhulo ndiye limandiseketsa mopweteka. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza nthawi ya Federation ija, m'ma 1950, kudzagwira ntchito kuno kukadali Salisbury, ndipo mpaka lero mnyumba mwathu nsima timaitchula nsima ngakhale tikatuluka panja ndi sadza. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma survey ikafunsa chomwe mumalankhula kunyumba umapeza English, mwamwayi Shona ndi Ndebele, kenako Other. Ine ndakhala Other kambirimbiri moti ndikuona ngati ndi dzina langa lachiwiri, ndipo ndazindikira kuti ndikangodina pamenepo nthawi zambiri ulendo umathera pa tsamba lotsatira.

Kunena chilungamo a ku mayunivesite amasiyanako. Amayamba akufotokozera kuti kafukufukuyu ndi wachani, atenga nthawi yaitali bwanji, mayankho ako asungidwa motani, ndipo ukhoza kusiya pomwe wafuna. Ena amasangalatsa, unalipo wina woonetsa nkhope za anthu mwachangu nkumafunsa yomwe unaiona kale, ndinachita kuiwala kuti ndikufuna ndalama. Vuto lake ambiri amafuna laputopu osati foni, ndipo amakhala ndi nthawi yoikika. Tsiku lina ndinabwereka laputopu ya mwana wa aneba, yomwe batire lake linafa kalekale imangoyaka ikakhala pa moto, ndinafika pa gawo lomaliza la kafukufuku wa mphindi 40 ndiye magetsi phethi. Amati madzi ku damu la Kariba, komwe amapangira magetsi, akachepa zimatero, chabwino, koma kompyuta ya wofufuzayo za Kariba siizidziwa, inangolemba kuti sindinamalize.

Palinso timisampha tawo toyesa ngati ukuwerengadi. Pakati pa mafunso a inshuwalansi mwadzidzidzi akuti sankhani mtundu wobiriwira, kapena akufunsa ngati unakwerapo ndege kupita ku mwezi. Izo sindidandaula nazo, alipodi anthu ongodinadina. Koma ukayankha msanga akuti wathamanga sunawerenge, ukachedwa poti netiweki ikuzungulira akuti nthawi yatha, ndipo ukalemba imelo yodandaula amakuyankha ndi uthenga womwewomwewo wokonzeratu. Palibe munthu woti nkumugwira malaya.

Tsono kutapa ndalamazo ndi nkhani inanso. Sungatape usanafike pa malire awo, kwina madola 10 kwina 25, ndipo ukatsala pang'ono kufika ma survey amangouma ngati mpopi wa kwathu kuno. Ukafika akupatsa khadi yogulira zinthu mu shopu yoti kuno kulibe, kapena akufuna akaunti ya kampani ina yotumizira ndalama yomwe kwa ife a kuno imalola kulipira kokha osati kulandira. Ine ndinachita kudzera kwa msuweni uja, iye nkulandira, nkunditumizira pa Mukuru, kampani ina yotumizira ndalama. Pakutha pa miyezi inayi ndinagwira madola 18 mmanja. Ndinakhala pansi nkuwerengera mabandulo omwe ndinagula, kuphatikiza ya kombi yopita mtauni kukatenga ndalamazo, ndinasiyira panjira kuwerengako chifukwa mtima unayamba kuthamanga.

Amayi anandiona ndikubwera ndi kashuga ndi mafuta ophikira nkundifunsa kuti zachokera kuti. Nditawafotokozera anangoti, "Mwanawe, ndiye kuti tulo tonse tija umagulitsa ndi botolo limodzi la mafuta?" Ndinati amayi simukumvetsa, izi ndi za pa intaneti. Iwo anati, "Ndamvetsa bwino lomwe. Agogo ako ankadzuka 4 koloko koma kutha kwa mwezi envelopu inkabwera, sankauzidwa kuti pepani si inu tinkafuna atalima kale."

Ndinasowa choyankha. Panopa ndikulemba izi foni ili pa 31 peresenti, magetsi sanabwere, ndipo kangolowa ka uthenga koti pali survey yatsopano ya mphindi 15, masenti 80, ya anthu ogwiritsa ntchito makina ochapira mbale. Mbale kwathu amatsuka ndine, ndi mchenga pa mapoto. Pa akaunti yanga ina pali madola 8 ndi masenti 40, atsala pang'ono kukwana 10, ndiye mwina ndingoyesako kamodzi kokha.